Ulendo wa ku Fort Lister, ine ndi alamu anga pa njinga yamoto

LOLEMBA, Luchenza

Abale mawa ndikunyamuka. Zaka 11 ndakhala ndikuphunzitsa ana nkhani ya malonda a akapolo, ndimalemba pa bolodi mayina a malinga omwe azungu anamanga, Fort Lister, Fort Anderson, Fort Johnston, Fort Maguire, ana nkukopera, pamayeso nkundibwezera zomwezo, ine nkuchonga. Nde teremu yathayi kamtsikana kena kokhala kumbuyo, kaja kosayankhulayankhula, kanakweza mkono nkufunsa kuti sala, Fort Lister-yo inuyo munakaionako? Kalasi yonse zii. Ndinangoti tsegulani tsamba lotsatira kkkk. Koma mumtima zinandibaya, chifukwa phiri la Mulanje ndimaliona mmawa uliwonse ndikamasukusula kuseri kwa nyumba, ndipo malowo ali kuseri kwa phiri lomwelo basi.

Ndagwirizana ndi alamu anga, achimwene awo a madam, aja amapanga kabaza pa Lifo yawo. Iwo njinga, ine petulo ndi chakudya. Tikagona kwa anganga awo a madam kufupi ndi Phalombe. Madam alongedza shuga, sopo, mchere ndi chitenje cha anganga, ndipo andichenjeza katatu konse kuti ndisakachite manyazi aukamwini nkumakana nsima.

LACHIWIRI

Tanyamuka 7 koloko mmalo mwa 5 yomwe tinapangana, alamu ati amadikira chifunga chichoke kaye. Sichinachoke. Chiperoni cha mwezi uno mukuchidziwa anthu a ku Thyolo ndi Mulanje, si mvula si mame, kamangowaza pang'onopang'ono mpaka jekete yonse nyowee, ndipo pa njinga yamoto kamphepo kake kamalowa mpaka m'mano. Tadutsa pa Chonde pomwe a Mulhako wa Alhomwe amachitira mwambo wawo chaka ndi chaka, lero kunali phee, mbuzi zokha. Pofika pa Chitakale manja anga anali atauma gwaa, tinaima kumwa tiyi ndi sikono mu ka tiirumu kena, phiri silikuoneka ngakhale pang'ono, minda ya tiyi yokha ndiyo imabiriwira mmunsi mwa mtambo.

Pamenepa ndinawauza alamu kuti boma la Mulanje kale linkatchedwa Fort Anderson, ngati mmene Mangochi inali Fort Johnston, Chitipa Fort Hill. Iwo ati nde bwanji osangojambula ofesi ya DC nkubwerera, petulo akudula uyu. Munthu ameneyu.

Msewu wa ku Phalombe umazungulira phiri kudzera pa Likhubula, pomwe anthu okwera phiri amayambira, ndipo anyamata onyamula zikwama za alendo anatithamangira kuganiza kuti tikupita ku Dziwe la Nkhalamba kapena ku Sapitwa. Titawauza kuti tikupita ku Fort Lister mmodzi anati kumeneko kuli njira yokwerera ku Sombani, koma mukaona chani, kulibe kanthu kumeneko. Wina anandikumbutsa monyadira kuti phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2025. Ndinamufunsa kuti ndiye zasintha chani, anangoseka nkundionetsa silipasi yoduka.

Tayala lakumbuyo linaphwa titangodutsa Thuchila. Ola lathunthu tili pansi pa mtengo wa mango, mnyamata wokonza njinga akumata chubu, ndipo nthawi yomweyo chifunga chinang'ambika phiri nkuonekera. Mabala a namondwe Freddy akadalipo ndithu. Mizere yoyera kuchokera pamwamba mpaka pansi pomwe nthaka inakokoloka mu March 2023, ndipo mmunsi miyala ikuluikulu ngati nyumba ili tayale m'minda ya anthu. Kuno mawu oti napolo samayankhulidwa moseka, anthu a ku Phalombe anaona kale zotere mu March 1991 pomwe madzi ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Michesi.

Tafika kwa anganga dzuwa litapendeka. Nsima ya nandolo ndi nkhuku, sindinakane. Netiweki ndikuipeza pachulu chakuseri kwa khola, nde ngati izi zafika mochedwa mudziwe chifukwa chake.

LACHITATU

Lero nde tsiku lake. Ndalemba zambiri, amene mukufuna zachidule pepani.

Kuchoka pa Phalombe kamsewu kafumbi kamakwera kulowera pakati pa mapiri awiri, Mulanje kudzanja lamanja Michesi kumanzere. Mukangolowa pampatapo simufunanso buku kuti likuuzeni chifukwa chomwe azungu anamangira linga lawo pamenepa. Phiri la Mulanje ndi chimpanda chachikulu, Sapitwa yekha ndi mamita 3,002, munthu wochokera ku chigwa cha Phalombe ndi mbali ya nyanja ya Chilwa wofuna kupita kummawa ku Mozambique mpaka ku doko la Quelimane, kaya azungulire masiku angapo kaya adutse pa khomo limeneli. Nde magulu onyamula minyanga ya njovu ndi akapolo ankadutsa pomwepa. Wotseka pakhomo watseka nyumba yonse. Zaka 11 ndakhala ndikunena kuti analimanga pofuna kuletsa malonda a akapolo, koma sindinkadziwa kufotokoza kuti chifukwa chani pamenepo osati pena. Lero miyendo yandiphunzitsa.

Njinga tinaisiya pakhomo pa bambo ena omwe anavomera kutiperekeza, ana asanu nkumatilondola mmbuyo. Tinayenda kamtunda m'tchire, udzu wouma, chitedze apa ndi apo, kenako bambo aja anaima nkuti ndi pano.

Ndinene zoona, poyamba ndinakhumudwa. Mmutu mwanga munali chimpanda chachitali, mizinga, chipata. Zomwe zilipo ndi zotsalira za makoma, pena zofika m'chiuno pena zongooneka mzere wa miyala mu udzu, mitengo yamera mkati momwe munali zipinda, mizu yalowa m'ming'alu nkumakankha khoma pang'onopang'ono. Alamu anayang'ana uku ndi uku nkuti alamu, petulo yense uja tadzera fandeshoni ya nyumba? Ngati ndi choncho kwathu ziliko zambiri za anthu omwe anapita ku Joni ndalama nkuthera panjira. Ana aja anaseka mpaka kugwa.

Anatulutsanso foni nkundionetsa chithunzi cha Great Zimbabwe chomwe ndinawatumizira ndekha sabata yatha, makoma amiyala yosanja popanda matope kapena simenti, pena kutalika mamita 11, omangidwa ndi makolo a Ashona zaka mazanamazana azungu asanabwere. Ati izi nde zoyendera ulendo. Sindinatsutse.

Koma titakhala pa khomapo kudya chinangwa chophika ndinayamba kuona zina. Fort Lister inamangidwa mu 1893, nthawi ya Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la Britain kuno, patangopita zaka ziwiri dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891. Asilikali omwe azunguwo ankadalira kwambiri anali Asikh ochokera ku India, tangoganizani munthu wochoka ku Punjab nkudzakhala pampata uwu mu chiperoni, akulondera njira ya ku Quelimane. Mafumu a Chiyao a mbali ino monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu ndiwo anali ndi mphamvu pa njira zimenezi, anali ndi mfuti ndi anthu, ndipo nkhondo ndi Matipwiri inafika pachimake mu 1895. Dzina loti Lister ndi la bwana wina wa mu ofesi yoona za maiko akunja ku London, Villiers Lister, chimodzimodzi Anderson wa ku boma uja, Percy Anderson. Anthu a pa desiki. Ndipo linga lonseli linagwira ntchito zaka pafupifupi khumi zokha nkusiyidwa. Khumi zokha! Ine pa sukulu yomwe ndili ndakhalitsa kuposa mmene Fort Lister inakhalira Fort Lister.

Chapafupi pali manda, ndipo amodzi ndi a mzungu Gilbert Stevenson yemwe anamwalira mu 1896. Ndinaima pamenepo kanthawi. Sindikumuda munthuyo, anafera kutali ndi kwawo, mayi ake mwina sanaone ngakhale mtumbira. Koma iye dzina lilipo, chaka chilipo. Anthu omwe anadutsa pampata pomwepa magoli ali m'khosi, amayi omwe anasiya ana panjira, amtengatenga omwe anasenza miyala ya khoma lomwe ndinakhalirali, palibe ngakhale mmodzi yemwe ndingamutchule dzina mkalasi. Ndinafunsa bambo otiperekeza aja ngati pali malo omwe anthu amati apa panafera akapolo, anangoloza chigwa chonse ndi dzanja.

Alamu, omwe ndimaayesa kuti sakumvetsera, anaponya mawu omwe andikhala mmutu mpaka pano. Ati nde anatseka njira ya akapolo, chabwino, tithokoze, koma si omwewa anabweretsa msonkho wa nyumba ndi thangata? Agogo athu atawoloka kuchoka ku Mozambique anakathera m'minda ya azungu ku Thyolo ndi kuno ku Mulanje, kulima mwezi wathunthu kulipira malo ogona. Ndipo akunena zoona, msonkho unali mashereni atatu pa nyumba, ndipo maboma ngati amenewa ndi omwe ankatolera. Mu noti zanga ziwirizi zili pa mitu yosiyana, wina teremu yoyamba wina teremu yachiwiri, ngati sizikudziwana.

Chinthu china chomwe chandinyansa ndi maenje. Pena ndi pena anthu anakumba, bambo aja ati ndi anyamata ofuna chuma chomwe amati azungu anakwirira, mphekesera zomwe zija za ndalama zakale ndi zitsulo zodula zomwe akuti kuli ogula kunja. Palibe yemwe ndinamumvapo kuti analemera nazo, koma khoma nde limagwa. Alamu maso anawala pang'ono atamva za chumacho, ndinawakoka jekete.

Potsika ndinapsa ndi chitedze pa mkono. Anganga andipaka phulusa uku akuseka, ati aphunzitsi athunthu osadziwa chitedze.

LACHINAYI

Pulani inali yobwerera lero koma alamu apeza maoda awiri onyamula anthu kupita ku Migowi, ati petulo wobwerera apezeke. Nde ndatsala ndi anganga, ndipo tsiku lomwe ndimaliyesa lotayika ndi lomwe landipatsa zambiri kuposa dzulo.

Mmawa ndinawaperekeza kumunda kukasosa, mkamwini sangangokhala pakhonde. Ndikukokera mapesi ndinaona kaphale pansi, kenako kena, kenako kena. Pamalo pomwe madzi a Freddy anang'amba kamgwa m'mphepete mwa munda, mapale ali mbwee m'khoma la dothi, ena pafupi ndi pamwamba ena pansi kwambiri kufika mwina m'chiuno mwanga ndikaima mkati. Ndinatola limodzi lokhuthala, la mlomo wopindikira kunja, lokhala ndi timizere todinda mwadongosolo mmunsi mwa mlomomo. Ndinathamanga nalo ngati mwana.

Anganga analitenga, kulipukuta ndi chitenje, kuliyendetsa chala mkati ndi kunja. Kumbukirani kuti awa anali woumba mbiya wodziwika mudzi uno manja asanayambe kunjenjemera. Ati ili si lathu ili. Ndinati mwadziwa bwanji anganga? Ati mlomo uwu ife sitipinda chonchi, ndipo zolembazi amayi anga sankalemba chonchi, agogo anganso ayi. Ati makolo awo pofika kuno kuchokera ku Mozambique, khasu loyamba lomwe anagwetsa pansi linatulutsa mapale omwewa, nde eni ake anali atapita kalekale.

Ndinangoti kakasi, chifukwa zomwe anachita anganga ndi chala ndi zomwe akatswiri ofukula zakale amachita. Amayang'ana mlomo wa mphika, makulidwe, dothi lake ndi zolemba, nkudziwa kuti awa ndi anthu amodzi awa ndi ena. Mapale akale kwambiri a anthu osula zitsulo kummwera kuno anawatcha Nkope, potengera malo a ku Mangochi m'mbali mwa nyanja komwe anawafukula, ndipo amabwerera mmbuyo zaka zoposa 1,500. Kuli ena otchedwa Kapeni, ena Longwe omwe amapezeka mbali yathu ino, ena Mawudzu omwe amawalumikiza ndi Amaravi. Mzungu wina, Keith Robinson, yemwe anafukulanso mabwinja a ku Zimbabwe, ku Khami ndi ku Great Zimbabwe komwe alamu amasirira kuja, anayenda kumpoto ndi kummawa kwa phiri la Mulanje lomweli kukumba malo okhala anthu akale, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1977. Ndiye kuti chigwa chomwe ndimasosamo mmawawu akatswiri anachiyendapo kale, ine mphunzitsi wa ku Luchenza nkumangoloweza mayina a ma fort.

Sindikunena kuti phale lomwe ndinatola ndi la Nkope kapena Longwe, ine si katswiri, ndingakunamizeni. Kuti adziwe zaka amafuna kuona pomwe chinthucho chagona, chapansi ndi chakale kuposa chapamwamba, ndipo makala opezeka pamzere womwewo amawatumiza kukayeza. Nchifukwa chake wokumba mwachisawawa ngati anyamata a dzulo aja amaononga zambiri kuposa zomwe watenga, wasokoneza mizere yonse. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka ku Dedza komwe kunali likulu la a Kalonga, Yusuf Juwayeyi atakumba mwadongosolo anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, zamkuwa ndi minyanga ya njovu. Mbale za ku China pa Mtakataka, Livingstone asanabadwe nkomwe. Izi ana anga sindinawauzepo.

Titakhala pamthunzi kumwa thobwa ndinawafunsa anganga za malinga. Ati akuluakulu omwe anawapeza kuno, Amang'anja, ankasimba kuti nthawi ya nkhondo anthu ankathawira m'mapiri, kumagona m'mapanga, kulima timinda tobisika, kutsika usiku kukatunga madzi. Ena ankazinga mudzi ndi mpanda wa mitengo yosongola, kunja kwake nkubzala nkhadze yothithikana, ija ya mkaka woti ukalowa m'maso umaona nyenyezi masana. Limenelo nde linga. Ndinafunsa kuti alipo omwe atsala ndikaone? Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Ati aphunzitsi, chiswe chimasiya mtengo? Mukaona nkhadze zakalekale zazungulira pamalo popanda nyumba, dziwani kuti pamenepo kaya panali mudzi kaya pali manda, osakodzapo.

Nde taonani mmene zilili. Linga la miyala la zaka khumi lili m'mabuku, lili pa mapu, mpata wonse wa phiri unatenga dzina lake. Malinga a eni dziko anadyedwa ndi chiswe, ndipo midzi ya zaka chikwi ndi kuposa yatsala tizidutswa tomwe timaponya m'mphepete mwa munda kuti tisabunthitse khasu.

Anganga anapitiriza okha, nkhani ya mbiya ikawagwira saimanso. Dothi ankakatapa kudambo, malo ake odziwika, osati paliponse. Kulisinja, kuchotsa timiyala, kuliumba mokweza pang'onopang'ono, kusalaza ndi chitsononkho, kukulungiza ndi kamwala kosalala, kuumitsa pamthunzi masiku angapo chifukwa padzuwa umang'aluka, kenako kuotcha. Nkhali ya nsima payokha, mphika wa ndiwo, mtsuko wa madzi, mbiya ya mowa. Ndipo ukasweka sutayidwa, phale limakazinga mtedza ndi chimanga, limapalira moto kwa aneba, limamwetsa nkhuku. Ati pano atsikana onse ndi mapoto ndi zigubu zapulasitiki, mudzi wonse woumba watsala mmodzi. Ati inu anthu a lero akadzakumba pomwe munkakhala adzapeza majumbo okhaokha. Ndinaseka koma zinandilowa.

Ndinafunanso kumva za Amwandionerapati, anthu aafupi aja omwe amati mizimu yawo ili m'phirimu, ndi za chakudya chomwe munthu amachipeza chokonzakonza m'phiri nkudya yekha osaitana mnzake. Anganga anadula nkhani, ati zimenezo sitikamba dzuwa likulowa phiri likutiona.

Phale lija ndimafuna kulitenga ndikaonetse ana. Ndikudziwa kuti lamulo la dziko lino loteteza zinthu zakale sililola munthu kungonyamula zotere, koma mumtima ndimati kamodzi kokha ndani aone. Anganga sanafune za lamulo, ati za anthu akufa sanyamula, mukufuna azikutsatani ku Luchenza kudzafunsa mphika wawo? Ndinalijambula mbali zonse nditaika cholembera pambali kuti kukula kwake kuoneke, nkukalibwezera pomwe ndinalichotsa. Zithunzi ndiika netiweki ikalola, ndipo ndikapita ku Blantyre ndikaonetsa a ku Museum ku Chichiri mwina anganene kanthu.

LACHISANU

Tanyamuka mmamawa, kunja kuli mbee, Michesi ndi Mulanje onse akuoneka mpaka nsonga, mpata uja uli pakati ngati pochoka dzino. Potsanzikana anganga analowa m'nyumba nkutuluka ndi kanthu kokulunga m'sanza. Phale la mtsuko womwe anaumba okha ali mtsikana, lokhala ndi zolemba zawo pakhosi, timizere titatu tokhotakhota. Ati ili mwini wake ndili moyo, tengani mukaonetse ana anuwo, mukawauze kuti anaumba ndi ine. Anandipatsanso nandolo ndi kalongonda, ati wa mdzukulu wawo osati wanga.

Njira yonse ndinalifungatira pamimba, alamu akudumpha mabampu ngati dala. Pa Chitakale tagula zinanazi, pa Chonde mvula pang'ono, tayala silinavute. Alamu akuti ulendo wina tipite ku Zimbabwe pa Lifo yomweyi, petulo wanga.

Ndafika, ndaika katundu pakhonde, ndakasamba kuchotsa fumbi. Potuluka ndikumva kafungo ka mtedza wokazinga kuchokera kukhitchini. Ndathamanga ndi thaulo m'chiuno, ndapeza phale la anganga lili pa mbaula, madam akutakasa ndi chipande, ati anganga andikumbuka bwanji, chiwaya chija chinabooka. Mtedza ndadya nawo. Sukulu ikatsegulira ndipita nalo lomwelo, lamwaye kunsi.